Makope Oyenda a Mwadiya

Kiyi wa chipinda cha bungwe ankasunga ndi a Edmund Fulukiya. Palibe anawasankha pamsonkhano. Atapuma ntchito ya ulangizi wa zaulimi, zinangopezeka kuti ndiwo ankakhala pafupi ndi chipindacho pa Ngabu, ndiponso ndiwo anali munthu wosataya zinthu. Bungwelo linali la alangizi a m'chigwa chonse, a ku Chikwawa ndi a ku Nsanje, ndipo katundu wake anali tebulo, mabenchi awiri, kabati yachitsulo ndi kanyuzipepala kake kakale kotchedwa Mwadiya.

Mwadiya ndi bwato m'Chisena, ndipo dzinalo silinali longokometsera. Masiku amenewo mapepala ankavuta. Mwadiya ukatuluka pamakina opukusa ndi manja, kope limodzi linkalowa m'kabati, lina linkanyamuka ulendo. Linkatsika panjinga mpaka ku Bangula ndi kwa Mbenje, n'kuwoloka Shire pabwato, n'kukwera tsidya la kum'mawa mpaka kwa Makhuwira, kenako n'kubwerera ku Ngabu kudzera pa mlatho wa ku Chikwawa. Mlangizi aliyense ankaliwerenga n'kulipatsira mnzake wa kutsogolo. Kutsamba lomaliza kunkakhala mafunso a mamembala, ndipo pansi pake ankasiyapo malo. Wodziwa yankho ankalemba pomwepo ndi bolopeni. Malo akatha ankalemba m'mbali, m'mbali mukadzaza ankalemba chopingasa pamwamba pa mitu ya nkhani. Pofika ku Ngabu kopelo linkakhala litada bii, likununkha utsi ndi thukuta, mwina litanyowapo n'kuuma.

Makope oyera anali m'kabati. Makope oyenda anali m'matumba atatu a feteleza, opachikidwa kudenga ndi waya poopa chiswe ndi madzi. A Fulukiya ankasesa pansi pa matumbawo koma sankakweza maso. M'menemo munali zolemba za akazi awo, malemu a Dorika, amake Limbikani, amene anali mlangizi kwa Makhuwira iwo ali kwa Mbenje. Palibe kope limene linadutsa m'manja mwa mayiwo osalembedwamo kanthu. Chichitikireni maliro, matumbawo sanamasulidwe. Zovala zinagawidwa monga mwa mwambo, mbale zinapita kwa ana, koma zolembazo a Fulukiya analibe nazo mphamvu. Kuti aziwerenge mtima unkakana, kuti azitaye manja ankakana.

Nkhani ya kompyuta inabwera ndi Praise Jeke, mlangizi wachitsikana amene tsopano ankagwira ntchito kwa Makhuwira komweko. Pamsonkhano wa pachaka anafotokoza kuti pali pulogalamu imene imawerenga tsamba lojambulidwa n'kusunga mawu ake onse. Membala akalemba liwu limodzi pafoni, pulogalamuyo imamutulutsira paliponse pamene Mwadiya unatchulapo liwulo.

Wapampando, a Symon Zuze, anatchera khutu. Maso awo anali atachita ng'ala, koma pakamwa panali pabwinobwino.

"Ndiye ndikalemba kuti Zuze?"

"Ikutulutsani paliponse pamene munatchulidwa, baba."

"Ngakhale pamene ndinagwera m'dipi ya ng'ombe?"

"Ngati zinalembedwa."

"Zinalembedwa. Analemba ndi uyu," anatero a Zuze akuloza kumene ankaganiza kuti kuli a Fulukiya. "Munthu wosayankhula ndi woopsa akagwira bolopeni."

Anthu anaseka, ntchito n'kuvomerezedwa. Praise anapempha chinthu chimodzi, kuti apatsidwe makope oyera kwambiri, chifukwa pulogalamuyo imapunthwa patsamba lakuda. A Fulukiya anatsegula kabati.

"Awa," anatero. Mumtima munapepuka.

Ntchitoyo inatenga dzinja lonse. Praise ankabwera Loweruka panjinga yamoto, laputopu ndi makina ojambulira masamba zili m'chikwama kumsana. A Fulukiya ankachotsa mapini adzimbiri ndi kampeni, kuwongola tsamba ndi chikhatho, n'kumupatsira. Magetsi akathima ankakhala pakhonde phee, wina akuyang'ana foni, wina akuyang'ana msewu. Pamene taipi yakale inalemba mosaoneka bwino, pulogalamu inkasokoneza zilembo, Praise n'kumakonza. Sankacheza kwambiri. Mtsikanayo anazolowera kuti akafunsa funso lalitali amalandira yankho la liwu limodzi.

Chaka chimenecho madzi anasefukira mu Malichi. Atayamba kuphwa, mamembala amene anatha kuyenda anakumana pa Ngabu kudzaona ntchito. Praise analemba kuti "thonje", nkhani zinatsika mndandanda wautali. Analemba kuti "anankafumbwe", zinatuluka. A Zuze anaumirira kuti alembe dzina lawo, ndipo nkhani ya m'dipi inawerengedwa mokweza, mwini wake akukonza pamene ankati panawonjezeredwa.

Kenako a Zuze anatula nkhani ina. Mwini nyumba ankafuna chipinda chake pakutha pa mwezi, akuti aikemo sitolo.

"Kabati ipita kwathu," anatero. "Matumba aja ndiye alibenso ntchito, zonse zalowa m'kompyuta. Ndalonjeza Evelesi wogulitsa nsomba kumsika kuti azikulungira. Ukuti bwanji, shamwali?"

A Fulukiya anayang'ana pansi.

"Atenge," anatero.

Pobwerera kunyumba anadziuza kuti zakhala bwino. Manja awo sakanataya kanthu. Wina akanabwera, kutsitsa, n'kupita nazo, iwo akuyang'ana kwina. Ndi mmene zinayambiradi. Evelesi anabwera ndi wakabaza, anatsitsa thumba limodzi, nati enawo adzatenga likatha limenelo. A Fulukiya anamutsegulira chitseko n'kukaima kuseri kwa nyumba mpaka njinga itapita.

Pasanathe sabata Praise anatulukira pakati pa sabata, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Sanakhale pansi. Anatsegula laputopu patebulo ali chiimire.

"Baba, kwathu madzi asiya mchenga m'madimba. Pena wofika m'bondo, pena m'chiuno. Alimi akundifunsa chochita, ndipo chinyezi chikuthawa. Ndinati ndifunse Mwadiya. Taonani."

Analemba kuti "mchenga". Panatuluka mizere ingapo, ndipo anawerenga wina. "Funso lochokera kwa Mbenje. Madzi asiya mchenga pamunda, dothi lakwiririka. Kodi anzathu mumatani?" Anatsegula tsambalo. Pansi pa funso panali poyera.

"Lina ili, la ku Makhanga. Pansi palibe kanthu. Ndayesa 'mchere m'nthaka', ndayesa 'mbewa', chimodzimodzi. Mafunso okhaokha. Ndaimbira a Zuze, akuti mayankho ankasindikizidwa m'kope lotsatira. Ndafufuza, ndapeza awiri kapena atatu basi." Anatseka laputopu pang'ono. "Kodi akuluakulu athu munkangofunsana osayankhana?"

"Tinkayankhana."

"Kuti?"

A Fulukiya anakweza maso kudenga. Matumba awiri anali lende, ndipo pambali pake waya wachitatu unkagwedera wopanda kanthu.

"Tsitsani limodzi," anatero, iwo n'kutuluka kukakhala pakhonde.

Anamva benchi ikukokedwa, thumba likugwa pansi kuti phu, waya akumasulidwa. Fungo linawapeza konko, la utsi wakale ndi mapepala onyowapo. Kenako anamva kulira kwa makina ojambulira.

"Pulogalamu ikukana," Praise anayankhula ali mkati. "Zotaipa ikuwerenga. Zolemba pamanja ikungotulutsa zinyalala. Pafunika munthu awerenge, wina azilemba." Masamba anapitiriza kulira. "Ena ndikutha kuwawerenga ndekha. Koma pali wina analemba kuposa onse, tizilembo ting'onoting'ono topendekeka, Chimang'anja ndi Chisena pamodzi, mawu ena odula pakati. Pomaliza amangoika D. Ameneyu ndiye wandigonjetsa."

"Sankalembera patebulo. Ankalembera pabondo."

"Mumawadziwa?"

"Amake Limbikani."

Masamba anasiya kulira. Praise anatuluka n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko, manja ali pamiyendo.

"Pepani, baba. Sindinkadziwa."

A Fulukiya anagwedeza mutu.

"A Zuze maso anafa," anapitiriza mtsikanayo motsitsa mawu. "Enawo anamwazika, ena anatisiya. Mwina inuyo mukanandiwerengera. Ngakhale za mchenga zokhazo."

"Ayi."

Galimoto ya nzimbe inadutsa pamsewu, fumbi linakwera n'kutsika.

"Mchengawo," anatero a Fulukiya, "kumbani mayenje mpaka mupeze dothi lakuda."

"Ukakhala wofika m'chiuno? Nanga mayenje akamagumukira pa mbande?"

"Zinazo sindikumbuka." Sanali kunama. Funso la kwa Mbenje lija anafunsa ndi iwo, ndipo mayankho anawawerenga kamodzi, kalekale, ali ndi mphamvu zokumba.

"Ndiye ndiwaimbire a Zuze kuti matumbawa asapite."

"Mawu anaperekedwa kale."

Praise anawayang'ana, n'kulowa kukamanga thumba lija. Sanathe kulipachikanso yekha, choncho analisiya pakona. Pokwera njinga anati, "Ndibwera Loweruka. Ndiyesa zimene ndingathe kuwerenga ndekha, ngati ndipeza matumbawa alipo." A Fulukiya anakhoma chitseko osayang'ana pakonapo.

M'mawa mwake anapita kumsika kukagula ndiwo, monga ankachitira chikhalireni okha. Anadziwa mzere umene Evelesi ankakhala, ndipo anazungulira dala cha kwa ogulitsa tomato. Koma mayiyo anali ndi maso a mphamba.

"Baba Fulukiya, mukundithawa ngati ndinakulodzani? Tabwerani kuno."

Anthu anatembenuka. Kunalibe kothawira.

"Mapepala anu aja andithandiza," anatero Evelesi akusankha mlamba wowamba pamulu. "Kungoti inki yachuluka. Wina dzulo amati nsomba yanga yaphunzira sukulu. Tengani uyu, wa ku dambo la Elephant Marsh weniweni, wonona. Ayi, musapise m'thumba. Takhuta wanga, zikomo wanga, ndi ameneyu."

Anapisa dzanja m'thumba la feteleza limene linali pansi pa benchi, anasolola tsamba, analing'amba pakati kuti tswee, theka n'kukulungira nsomba, theka lina n'kukulungira kasitomala amene ankadikira. A Fulukiya analandira ndi manja awiri. Njira yonse anayenda kaphukusiko kali kumbuyo, ngati munthu wonyamula chinthu cha eni.

Kunyumba anakhala pansi pa mtengo wa nimu, dzuwa lili pamutu. Anati angokhuthulira nsomba m'mbale, pepalalo aponye pamoto. Koma maso sapempha chilolezo. Pepala litangotambasuka anali atawerenga kale mzere woyamba.

Mafuta a nsomba anali atalowerera, koma tizilembo tinkaoneka, topendekeka ngati mabango pamphepo.

"Mbewu ya mbatata musaisiye kudimba madzi akamabwera. Ine ndimadula nsonga n'kukazibzala pachulu kuseri kwa nyumba. A Fulukiya akuti mbuzi zidya. Mbuzi zimadya za munthu wosamanga mpanda, monga ena a kwa Mbenje amene sindiwatchula. Madzi akaphwa mudule pachulupo mubwezere kudimba. Koma chinthu chimodzi musaiwale, pobwezerapo"

Pamenepo ndi pamene panang'ambika.

A Fulukiya anamva kaphokoso kakutuluka m'mphuno mwawo, ndipo anadabwa kuzindikira kuti kanali kuseka. Zaka zonsezi ankaopa kuti m'matumbamo akapezamo mawu a masiku omaliza, ofooka aja, opempha madzi. Koma amene anayankhula papepalapo anali mayi wa njinga yakuda, wokwinya chitenje powoloka mtsinje wa Mwamphanzi, amene ankawanyoza pamaso pa alangizi a chigwa chonse iwo n'kumasunga kopelo masiku owonjezera asanalipatsire kutsogolo. Mpanda uja anadzamangadi. Anaumanga chaka chimene anakwatirana.

Anawerenganso. Chinthu chimodzi musaiwale. Anatseka maso kuti akumbuke chinthucho. Anayesa za kuthirira, za kubzala madzulo, za kusankha nsonga zopanda matenda. Zonse zinali zotheka, koma palibe chimene chinamveka ngati cha amake Limbikani. Theka linalo linali litapita ndi munthu wosamudziwa, ndipo pofika madzulo likanakhala litayatsira mbaula. Kumsika kuja dzanja la Evelesi linali likupisabe m'thumba.

Anaika nsomba m'mbale, anavindikira, napinda pepala lija n'kuliika m'thumba la malaya. Chipewa anaiwala.

"Mwabweza nsomba?" anafunsa Evelesi atawaona.

"Thumba."

"Thumba lanji? Ili? A Zuze anandipatsa, inu muli pomwepo."

"Ndikupatsani ena."

"Ena ake ati?"

"Oyera."

Evelesi anawayang'ana kuyambira kumutu kopanda chipewa mpaka kumapazi. Anaona thukuta, anaona mmene ankapumira.

"Oyera ndiye abwino," anatero pang'onopang'ono. "Nsomba zanga zipumeko sukulu." Anakoka thumba pansi pa benchi. Linali litatsika ndithu, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Anatolanso timapepala tong'ambika timene tinagwera pansi, natiponya momwemo. "Mukanandiuza, baba. Pakamwa mumasungira chiyani?"

A Fulukiya anaitana wakabaza.

Masana onsewo anakhala m'chipinda cha bungwe, matumba onse atatu ali otsegula. Sanawerenge. Ankangoyang'ana mwezi ndi chaka patsamba loyamba, n'kumasanja pansi mizere mizere. Pamene kope loyenda linalipo lathunthu, ankatulutsa mnzake woyera m'kabati n'kumuika pa mulu wa Evelesi. Pamene loyenda linasowa kapena kung'ambika, loyeralo linkatsala. Dzuwa likupendeka, mulu unapita kumsika.

Nkhani siigona pa Ngabu. M'mawa a Zuze anafika akugogoda ndodo pakhonde.

"Edmund, akuti wagawa makope oyera. Ndawauza kuti ndi bodza, mnzanga ndi wosayankhula koma si wamisala."

"Ndagawa."

"Amene tinawasunga zaka zonsezi osakhudza ndi chala? Watsala ndi zonunkha utsi?"

"Zili mu oyera, mu akuda zilimo. Zili mu akuda, mu oyera mulibe."

A Zuze anafufuza benchi ndi ndodo n'kukhala. 

"Ine ndinkaganiza kuti mayankho tinkasindikiza," anatero.

"Mapepala akakhalapo."

"Ndipo sankakhalapo." Anakanda chibwano. "Ndiye kompyuta yathu tinaiphunzitsa kufunsa kokha. Yatengera wapampando." Anatembenukira kumene kunkachokera mpweya wa mnzawo. "Nanga awerenga ndani? Ine ukundidziwa. Ndipo mmenemo muli mlamu wanga."

"Ndikudziwa."

"Utha?"

A Fulukiya anagwira thumba la malaya pamene panali pepala lija.

"Loweruka ubwere," anatero.

Loweruka Praise anapeza chitseko chotsegula, makope atasanjidwa pansi, madala awiri atakhala pabenchi.  Anayatsa laputopu, nafotokoza mwachidule mmene achitire. Tsamba lililonse loyenda alijambula momwe lilili, ndipo pansi pa chithunzicho azilemba mawu amene awerengedwe, kuti pulogalamu iziwapeza monga imapezera zotaipa.

"Tiyambe ndi mchenga," anatero a Fulukiya. Kopelo anali atalipatula kale.

Anavala magalasi. Anatsokomola. Mawu oyamba anatuluka okhakhala ngati chitseko chosatsegulidwa kawirikawiri.

"Kuno ife timakumba dzenje mpaka mkono wonse ulowe. Chimanga chimamera, koma khasu limatha."

"Ameneyo ndi Alick wa ku Muona," anatero a Zuze. "Khasu, khasu. Munthu ankadandaula khasu ngati analigula yekha."

"Wasaina A. M.," anavomera a Fulukiya.

Praise analemba. Panali yankho lina la ku Livunzu, lina la munthu amene onse awiri sanamukumbuke, amene anangolemba kuti, "Samukani." Kenako a Fulukiya anatembenuza kope chammbali, pakuti zotsalazo zinalembedwa motsata m'mphepete, kukwera mpaka pamwamba.  Praise anachotsa manja pa laputopu. Kunja mbuzi inalira, wina anadutsa akuimba belu la njinga.

Atayamba kuwerenga, anawerenga pang'onopang'ono, osakweza mutu.

"Musayambe ndi khasu, yambani ndi ndodo. Zikani ndodo yosongoka m'malo osiyanasiyana kuti mudziwe pamene mchenga wachepa. Ukalekeza m'bondo, kumbani dzenje lotambalala kukamwa ngati mbale, kuti lisagumukire pa mbande. Bzalani pa dothi lakuda pansipo, ndipo mbewu ikamakula muzibwezera mchenga pang'onopang'ono, umasunga chinyezi. Ukafika m'chiuno, tayu, musalimbane nawo. Bzalani maungu ndi mavwende m'mphepete, ayale okha pamchengapo. A kwa Mbenje amene mwafunsa, mphamvu muli nazo, koma muziyamba mwaganiza."

A Zuze anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi iyeyo. Ndi mlamu wanga ameneyo. Ankakukonza pagulu iwe."

"Ankandikonza."

Praise anamaliza kulemba, nawerenga mobwereza kuti a Fulukiya amve ngati walondola. Anamukonza pawiri. Pamene panali Chisena, monga tayu uja wotanthauza ayi, anati chisiyidwe momwemo.

"Pa dzina ndilembe chiyani?" anafunsa mtsikanayo. "D yekha, kapena amake Limbikani?"

Chikwatiranireni, a Fulukiya sanatchulepo dzinalo pagulu. Mkazi wa munthu amaitanidwa ndi dzina la mwana. Koma wofufuza pafoni sakanadziwa Limbikani, ndipo amene analemba m'mphepetemo anali mlangizi wa kwa Makhuwira.

"Dorika," anatero. "Dorika Fulukiya. Zakale, tisanakwatirane, mulembe Dorika Semba."

Praise analemba, anasunga, kenako anabwerera pamalo ofufuzira n'kulembanso kuti "mchenga". Funso la kwa Mbenje linatuluka monga kale. Pansi pake tsopano panali mayankho anayi, atatu ali ndi mayina ake. Anatembenuza laputopu kuti a Fulukiya aone. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana makope amene anadzaza pansi.

"Ndi ambiri," anatero Praise. "Mwezi uno sitimaliza."

"Apita kwathu. Khonde lilipo," anatero a Fulukiya.

"Ndiye uziphika tiyi," anatero a Zuze. "Ine ntchito yanga ndi yozindikira anthu, siyenda ndi kukhosi kouma."

Anapitiriza mpaka dzuwa litafika pakhomo. Praise anatumiza yankho la mchenga kwa alangizi anzake a tsidya lija, nati Lolemba akayamba ndi ndodo. Akulongedza, a Fulukiya anatulutsa pepala m'thumba la malaya n'kulitambasula patebulo. Fungo la mlamba linadzaza chipinda.

"Ilinso," anatero.

Praise analijambula mosamala, napukuta galasi la makina pambuyo pake. A Fulukiya anawerenga za mbatata, za chulu, za mbuzi ndi mpanda. 

"Koma chinthu chimodzi musaiwale, pobwezerapo," anawerenga a Fulukiya, n'kuvula magalasi.

Praise anadikira, zala zili pamabatani.

"Pobwezerapo chiyani, baba?"

"Pathera pomwepo."

"Mwina ankanena zobzala madzulo," anatero a Zuze. "Kapena zothirira. Iwe unakhala naye, Edmund, ungomalizitsa. Adzadziwa ndani?"

"Ine."

Praise anayang'ana a Zuze, nayang'ananso a Fulukiya.

"Ndiye ndilembe chiyani?"

"Lembani kuti panang'ambika."

Mtsikanayo analemba momwemo. A Fulukiya anapinda pepala lija motsata mizere yake yakale, analibwezera m'thumba la malaya, n'kuwerama kutola kope lotsatira kuti likhale pamwamba.